Boti likulowa madzi ndikangoliza injini, ndimate pati?

Funso ili latumizidwa ndi bambo wina wa ku Chikombe, ndalidula pang'ono: "Ndili ndi boti la fayiba la mamita 7 lomwe ndinagula kwa munthu chaka chatha, injini yake ndi Yamaha Enduro 40. Likagona pa nangula usiku wonse mmawa ndimapezamo timadzi tochepa, koma ndikapakira katundu nkuliza injini kupita ku Mbenji madzi amadzadza kumbuyo mpaka mnyamata amakhalira kukapa ulendo wonse. Ndamata silikoni paliponse pomwe ndimakayikira, wokhoma magalimoto anaikaponso fila koma palibe chasintha. Nditani?"

Achimwene, choyamba ikani kaye pansi chubu cha silikoni chija. Sindikukunyozani ayi, kuno ku Senga Bay maboti ambiri omwe amandibweretsera amabwera ali zigamba zokhazokha pansi ngati buluku la kudimba, mwini wake wataya ndalama kambirimbiri koma madzi akulowabe, chifukwa anayamba kumata asanaone ndi maso ake pomwe madziwo akudzera. Zili ngati kumwa mankhwala a malungo usanayezetse, mwina upulumuka mwamwayi koma nthawi zambiri umangowononga ndalama matenda enieni akukula.

Nkhani yake ndi iyi, pomwe madzi akudikha sipomwe akulowera. Boti lokhala ndi injini ya 40 limazyolika kumbuyo chifukwa injiniyo payokha ndi makilo oposa 60, kuphatikizapo thanki ya petulo ndi inuyo woyendetsa, nde dontho lililonse olo lilowere kutsogolo kwenikweni limatsetsereka pansi pa pomwe mumapondapo mpaka kukakumana kumbuyoko. Madzi saiwala khwawa. Inu mumawaona kumbuyo nkumamata kumbuyo, pena mwalasa pena mwaphonya. Azungu a kunyanja za mchere ali ndi kanjira kawo koti amalawa madzi a mu boti, akakhala amchere ndiye kuti alowera pansi akakhala ozizira bwino ndi a mvula, koma ife nyanja yathu ilibe mchere nde mukalawa mungomwa petulo ndi mamba a usipa pachabe.

Koma mwa zomwe mwalembazi mwandipatsa kale poyambira. Tawerengani nane. Kabowo ka sentimita imodzi, kongodutsa bolopeni, kakakhala masentimita 30 pansi pa madzi kamalowetsa malita pafupifupi 7 pa miniti. Chigubu cha malita 20 chadzadza pa maminiti atatu, pa ola limodzi ndi malita 400, ndipo poti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi ndiye kuti mwakweza matumba 8 a chimanga omwe sanalipire. Boti lanu likanakhala ndi bowo lotero pansi simukanalipeza likuyandama mmawa. Nde ngati limagona usiku wonse nkungolowa timadzi tochepa, chomwe muli nacho si bowo lotseguka nthawi zonse, ndi malo omwe amatseguka boti likalemedwa kapena injini ikayamba kukankha, mwinanso madziwo sakudzera pansi nkomwe koma akudumphira pamwamba. Izi ziwiri tizisiyanitse musanagule chilichonse.

Chitani chonchi tsiku lomwe nyanja yagona, mmamawa. Tsitsani zonse, maukonde, zigubu, matabwa opondapo ngati amachoka, kapani madzi onse kenako pukutani ndi chiguduli mpaka mkati muume gwa. Mukatero wazani ufa kapena phulusa losefa mopyapyala mmakona onse, motsatira msana wa boti, mmbali mwa nthiti, pozungulira pulagi yotulutsira madzi ndi pansi pa mabawuti a injini. Ena amajambula mizere ya choko yopingasa, zimagwiranso. Madzi akamalowa amasiya kanjira kakuda pa ufawo ndipo inu mumangokalondola chokwera mpaka pomwe kayambira. Muyese katatu. Koyamba boti lili duu lopanda katundu, dikirani theka la ola. Kachiwiri itanani anyamata anayi kapena asanu akhale kumbuyo kuti lizame ngati mmene limazamira mukapakira, dikiraninso. Kachitatu lizani injini, wina aziyendetsa inuyo mugwade kumbuyo ndi tochi mukuyang'ana, ayambe pang'onopang'ono kenako awonjezere moto, akhote kumanja akhote kumanzere, kenako achepetse moto mwadzidzidzi. Musapatse mnyamata ntchito yoyang'anayi, boti ndi lanu, onani nokha. Ndipo chitirani pafupi ndi gombe pomwe munthu atha kuima.

Pa kuyesa kwachitatuko yambani mwayang'ana zinthu zomwe si kubooka. Injini izi zili ndi kapaipi kotulutsa madzi oziziritsira, kaja timangoti injini ikukodza, kapaipi kameneka kakavuka mkati mwa kavala ya injini kapena kakapindikira kolakwika madzi amatsikira mu boti mmalo mogwera mnyanja, ndipo amalowa pokhapokha injini ikulira, ndendende zomwe mukunenazi. Chachiwiri ndi msinkhu wa injini. Pali ya mwendo waufupi ya transom ya mainchesi 15 ndi ya mwendo wautali ya mainchesi 20, transom ndi thabwa lakumbuyo lija timapachikapo injini. Pamwamba pa pulopela pali chipsepse chopingasa, chimenecho chimayenera kulingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirapo osapitirira masentimita awiri ndi theka. Injini yautali ikapachikidwa pa boti lofuna yaifupi mwendo umazama kwambiri nkumagaza madzi mmwamba, madzi aja amagwera mkati ngati mvula yowaza ndipo petulo amathanso msanga. Ndaonaponso anthu atadula transom kuti injini yaifupi ifike mmadzi, ukapakira nkuchepetsa moto mwadzidzidzi funde lomwe umalisiya mmbuyo limakupeza nkulowera podulapo. Ngati vuto ndi limeneli palibe chomata, ndi kukonza kakhalidwe ka injini ndi kusunthira katundu pakati basi.

Tsono ine kukayikira kwanga kwenikweni kuli pa transom yeniyeniyo, ndipo apa ndichedwapo. Maboti ambiri a fayiba thabwa lakumbuyoli si fayiba yokhayokha, mkati mwake muli pulayiwudi kapena thabwa lokutidwa ndi fayiba uku ndi uku ngati sangweji. Mphamvu yonse ya injini imadzera pamenepo. Pulopela ikamakankha boti kumunsi mmadzimo, injini imakoka transom chakumwamba kupita kumbuyo kwinaku ikuikanikiza chakumunsi, ulendo uliwonse, funde lililonse. Thabwa lamkati likakhala lamoyo palibe vuto. Koma madzi akangopeza njira pa bowo la bawuti lomwe silinamatidwe bwino, kapena pomwe zomangira za pamanja zomwe zimagwiritsa injini ku transom zaboola khungu la fayiba, thabwa limamwa madzi mwakachetechete zaka zingapo mpaka limasanduka ngati chigumu, kunja penti ali waliwali. Chikomekome cha mkuyu. Likafika pamenepo transom imayamba kupindika injini ikakankha, mabowo a mabawuti amakula, mmakona momwe transom yakumana ndi pansi ndi mmbali mwa boti mumabwera ming'alu yomwe imayasama injini ikamalira nkutseka mukazimitsa. Nchifukwa chake pa nangula silivuta.

Kudziwa kwake nkosavuta. Boti lili pamtunda, dzutsani injini muikhome mmwamba, gwirani mwendo wake kumunsi muziukankha pansi ndi mmwamba mwamphamvu wina akuyang'ana transom. Ikamasuntha limodzi ndi boti lonse zili bwino, koma ikamapuma payokha ngati chifuwa, kapena ming'alu ya mmakona ikamatseguka, mwapeza. Tengani chogwirira cha sikuludiraiva mugogode paliponse, pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, powola pamalira kuti phu phu ngati dzungu lofumbwa. Kenako masulani bawuti imodzi yapansi muisolole. Mukatuluka madzi ofiirira onunkha, kapena mukapisa waya nkumakokolola zinyenyeswa zakuda zonyowa, musadzinamizenso. Yang'ananinso mawashala, akakhala kuti alowa mkati mwa fayiba ngati chala pa nsima ndiye kuti pansi pake palibe cholimba, ndipo kumangitsa nati ndi sipanala kumangowonjezera kuphwanya.

Ndikuuzeni momwe ine ndinapusira ndikuyamba kumene ntchitoyi. Munthu anabwera ndi boti lodandaula ngati lanuli, ine kungoona msana wake utaperepeseka ndinati vuto ndi limeneli, masiku awiri ndikupala nkumata, ntchito yooneka bwino ndithu. Kulibweza mmadzi, kuliza injini, madzi ali pompo. Manyazi ake. Nditagwada ndi tochi ndinapeza kuti boti lija linakhalapo ndi injini ina kale, mabowo akale awiri anangokhomeramo timitengo nkupaka penti pamwamba, lopanda katundu mabowowo amakhala pamwamba pa madzi, likalemedwa amamira. Inu mwati munagula kwa munthu, nde fufuzani mabowo akale amenewa, palani penti paliponse pomwe pakuoneka kabwalo kotukuka.

Mukapeza kuti thabwa ndi lamoyo, langonyowa pozungulira mabowo, mwapulumuka. Chotsani injini, kuzani mabowowo ndi dirilo mpaka zotuluka zikhale zoyera zouma, lisiyeni liume masiku angapo, tsekani mabowo onse ndi epoxy, guluu wolimba wa mankhwala awiri ophatikiza, muisakanize ndi fumbi la fayiba kapena utuchi wosefa kuti ikhale ngati phala lolimba, ikauma boolaninso pakati pake saizi ya bawuti. Mukatero bawuti imadutsa mu epoxy osakhudzanso thabwa. Pobwezera pakani sealant, chomatira chotseka madzi, ya polyurethane monga Sikaflex 291 mu bowo ndi pansi pa washala, mabawuti akhale a stainless osachita dzimbiri, mkati muike chitsulo chafulati chachikulu kapena mawashala aakulu kuti mphamvu imwazike. Silikoni ya mawindo siigwira pansi pa madzi pamalo ogwedezeka, imasupuka ngati khungu la njoka, komanso choipa chake imasiya mafuta ake pa fayiba moti china chilichonse chomwe mungadzaikepo sichigwira mpaka mutapala. Fila ya magalimoto nayo imamwa madzi nkuthetheka boti likamapindika pa mafunde. Zonse munaikazo zichoke, pepani.

Koma likakhala lawola, palibe chidule, transom imafuna kuchitidwa opaleshoni. Timadula khungu la mkati ndi gilainda kusiya lakunja kuti boti lisataye shepu, kukokolola chowola chonse mpaka kutsala fayiba yoyera, kenako kudula thabwa latsopano motengera katoni yomwe tayezera. Chabwino ndi marine plywood, pulayiwudi yopangidwira maboti, ya mamilimita 18 kuphatikiza ziwiri, ikasowa mlombwa wouma bwino umagwira ntchito, koma pulayiwudi wamba ya siling'i kapena blockboard musayerekeze olo kalipentala akunyengerereni bwanji. Thabwalo limamatidwa ku khungu lakunja popanda mphako, kenako kukutidwa ndi fayiba yomwe imapindikira pansi ndi mmbali mwa boti masentimita 15 kapena 20, chifukwa mphamvu ya transom ili mmakonamo. Ine ndimaonjezerapo timiyendo tiwiri tochirikiza kuchokera pa transom kukafika pansi pa boti. Ntchito iyi ngati simunagwirepo fayiba pezani mmisiri woti munaonapo boti lomwe anakonza likuyenda, ndipo mukhalepo pomwe akutsegula kuti muone nokha zomwe zili mkatimo.

Za kamatidwe ka fayiba ndinenepo ndithu chifukwa apa ndi pomwe zigamba zambiri zimafera, kaya ndi pa transom kaya pa mng'alu wa pansi. Mdani wamkulu ndi chinyezi ndi mafuta. Rezini, madzimadzi onata omwe timanyowetsera ulusi wa fayiba kuti ulimbe, siigwira ponyowa, siigwira pa penti, siigwira pomwe panatayikira petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo kumbuyo kwa boti ndi komwe zonsezi zimakumana. Tsukani ndi sopo wa ufa, liume, pukutani ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta, kenako palani mpaka fayiba yeniyeni. Popala musangokanda pamng'alu pokha, pangani kutsetsereka mozungulira, mulifupi mwake kuchulukitsa ka 12 kuchindikala kwa boti, kutanthauza kuti ngati khungu ndi mamilimita 5 mupale masentimita 6 mbali iliyonse. Kuti mudziwe ngati pauma matanipo pulasitiki yoonekera ndi tepi mulisiye padzuwa, ikachita thukuta mkati dikiranibe. Anthu amapupuluma apa chifukwa tsiku lililonse boti lili pamtunda ndi ndalama yotayika, ndikumvetsa, koma chigamba choikidwa ponyowa mumachisenda ndi chikhadabo pakatha mwezi.

Hadena, mankhwala oumitsa rezini ya polyester yomwe timamatira fayiba, ndi pakati pa 1 ndi 2 pa 100 alionse, kutanthauza mamililita 10 mpaka 20 pa lita ya rezini, yezani ndi sirinji osati ndi maso. Kutentha kwa kuno kwa mu Okutobala gwiritsani 10 yomweyo, mugwire mmamawa pamthunzi, ndipo muzisakaniza pang'ono pang'ono mu botolo lodula chifukwa pakatha maminiti 15 kapena 20 imayamba kuundana. Mukathira hadena wambiri poganiza kuti ilimba kwambiri imatentha mpaka kufuka utsi nkukhala yothetheka. Mat ndi nsalu ya ulusi wa fayiba, ya 450 sikweya mita imodzi imamwa rezini yopitirira pang'ono kilo imodzi ndipo leya imodzi imapereka pafupifupi milimita imodzi, nde werengerani musanakwere minibasi ya ku Lilongwe, zinthuzi pa Kamuzu Road sizipezekapezeka ndipo kuperewedwa pakati pa ntchito nkowawa. Dulani zigamba zosiyana kukula, ine ndimayamba ndi chachikulu, muzinyowetsa pojogoda ndi bulashi osati kupaka ngati penti, mpaka kuyera konse kuthe, pomwe patsala poyera ndiye kuti pali mpweya. Osapitirira maleya atatu nthawi imodzi. Hadena asakugwereni mmaso, amachititsa khungu, valani magalasi ndipo madzi oyera akhale pafupi, wosuta fodya akasutire kutali ndi acetone. Ngati pansi pa mipando pali kayiliti yoyandamitsa boti itchingeni, rezini ya polyester imaisungunula.

Zina ziwiri zofulumira. Pulagi yotulutsira madzi, labala yake ikauma kapena kapaipi kake kakamasuka mu transom ndi yomwe mwina ikukupatsani timadzi ta mmawa tija, ndi yotchipa isintheni. Ndipo msana wa boti, ife timakokera maboti pamchenga tsiku ndi tsiku, mchenga ndi sandipepa, nde litembenuzeni muone ngati ulusi wa fayiba wayamba kuonekera. Njira ina yoyesera pansi ndi kulikhazika pa mitengo kapena matayala nkuthira madzi mkati, inu nkumasuzumira kunsi pomwe pakudontha, koma madzi ake angofika mu akakolo, mukadzadza mulithyola nokha chifukwa boti linapangidwa kuti madzi azilikankha kuchokera kunja. Ngati lili ndi pansi pawiri ndipo mukuona kuti likulemera kukoka kusiyana ndi kale, mwina pakatipo padzadza madzi, pendeketsani mumve ngati mukukhuthuka.

A maboti a matabwa amene mukuwerenga nawo, kafufuzidwe ndi komweka koma mankhwala ake ndi ena, kwa inu ndi thonje lokhomera mmipata ndi phula kapena pate pamwamba, ndi kusintha misomali yomwe yadyeka ndi dzimbiri, ndipo boti lanu likakhalitsa padzuwa matabwa amafota nde limalowa madzi tsiku loyamba ndi lachiwiri kenako limatupa nkutseka lokha, musathamangire kukhomera thonje lambiri pouma matabwa akadzatupa amakankhana nkuzula misomali.

Kubwerera kwa inu achimwene a ku Chikombe. Mnyamata wokapa uja akukubisirani kukula kwa vuto. Ulendo wotsatira, ngati mukuyenera kupita ndithu musanakonze, aziwerenga zigubu zomwe wataya pa theka la ola lililonse mudziwe ngati zikuchuluka. Koma mukapeza kuti transom ikupuma ija musapitenso ku Mbenji ndi anthu, olo ulendo umodzi. Transom yowola siichenjeza, imathyoka pomwe injini ikulimbana ndi funde lalikulu, injini imapita pansi kumbuyo nkutseguka nthawi imodzi, ndipo mwera wa mu Juni ndi Julayi mukuudziwa nokha mmene umadzukira. Komanso madzi a mu boti kuopsa kwake si kulemera kokha, amathamangira mbali yomwe boti lapendekera nkulipendeketsa kwambiri. A zanyengo akalengeza za mwera pa wailesi boti lokayikitsa likhale pamtunda, ndipo ma laifi jaketi, chokapira chachiwiri chomangirira chingwe ndi nkhafi zisasowe. Pratley putty, phala lomatira lokanda ndi manja, muthumba ndi yabwino, imauma ndi mmadzi momwe ndipo itha kukutsekerani kabowo mpaka mufike kugombe, koma ndi yofikira kugombe basi.

Nthawi yabwino ya opaleshoni yaikuluyi ndi pomwe ku Mbenji atseka usodzi nyengo ya mvula, maulendo amakhala achepa kale, kungoti mulimangire kashedi ka lona kapena udzu ndipo mulikweze pa mitengo kumbuyo kutsike kuti madzi onse atsanuke, apo ayi mvula izibwezera zomwe dzuwa laumitsa. Mukamaliza lisiyeni masiku awiri kapena atatu rezini ikhwime musanapachike injini, kenako bwerezani kuyesa kwa ufa kuja katatu konse, lili duu, lolemedwa, ndi injini ikulira. Mukatsegula bawuti yapansi ija jambulani zomwe zatulukazo ndi makona onse awiri a mkati munditumizire, ndikuuzani ngati ndi ya epoxy chabe kapena ya gilainda.